Mutu 6: Manja a Bambo, Pakamwa pa Mwana

1. Wailesi

Dzina loti Wailesi anamupatsa ndi mayi wina wogulitsa makala, iye ali ndi zaka zisanu zokha. Tsiku limenelo anaima kutsogolo kwa bambo ake, kamimba kali patsogolo, n'kulengeza kuti, "Bambo anga akuti makala anuwa ndi onyowa, ndiye mutsitse mtengo." Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti. Mtengo anatsitsadi, koma dzina lija linamukanirira mwanayo mpaka kukula nalo.

Bambo ake anabadwa osamva ndi osalankhula. Kusukulu sanapondeko, choncho kuwerenga sankadziwa, ngakhalenso chinenero chamanja chimene ana osamva amaphunzira masiku ano. Anali ndi chawochawo, chimene anapanga pang'onopang'ono ndi akazi awo. Kusisita mimba kunkatanthauza mlamu wawo, amene anali malume ake a Wailesi. Kukweza dzanja n'kuligwedeza ngati munthu wopereka moni ali m'galimoto, ameneyo anali khansala wa deralo. Wailesi mwiniwake chizindikiro chake chinali zala zotambasuka kuchokera pamlomo.

Mayi ake atamwalira, padziko lonse panatsala munthu mmodzi yekha wotha kuwerenga manja amenewo. Munthuyo anali Wailesi, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wotsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sekondale.

Kuntchito bambo akewo ankawatchula a Fosholo. Ankasakaniza simenti pa kampani yomanga ya mlamu wawo, ndipo ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mlamu yemweyo. Pa ntchito yawo panalibe wowaphunzitsa. Thumba limodzi la simenti, mawilibala anayi a mchenga, basi.

Miyezi iwiri m'mbuyomo, khoma la kalasi yatsopano pa sukulu ya pulayimale linagwa ana ali m'kati. Atatu anafera pomwepo. Kalasiyo inamangidwa ndi kampani ya malume, ndipo matope onse ogwira njerwa za khomalo anadutsa pa fosholo ya bambo ake a Wailesi.

Boma linakhazikitsa komiti yofufuza. Sabata yathayo komitiyo inabweretsa womasulira wake wa masatifiketi, amene anakupiza manja kwa theka la ola, a Fosholo akungomuyang'ana ngati munthu amene nyerere zamulowa m'malaya. Zitakanika, a komitiyo anagamula kuti mwana wa a Fosholo ndiye adzamasulire. Tsiku lake linali limeneli.

M'mawa umenewo a Fosholo anasita okha malaya awo oyera, kenako anaimitsa mwana wawo pakati pa chipinda kuti ayeserere. Anaonetsa zala zinayi. Anasisita mimba, n'kupukuta m'malere ngati wofufuta pabolodi, n'kuonetsa zala zonse khumi. Anagwedeza dzanja la khansala, n'kuonetsa lole ikutenga matumba Loweruka lililonse. Anajambula mng'alu wochokera pazenera kutsika pansi, naonetsa mmene anakokera mlamu wawo padzanja kuti adzauone, ndi mmene mlamuyo anaitanira wopaka penti.

Pomaliza anaika dzanja m'malere katatu, pa msinkhu wa m'chiuno mwawo, n'kudzimenya pachifuwa. Chigwereni khomalo bamboyo ankangolawa chakudya, moti palamba anali ataboolapo mabowo awiri atsopano. Chimene ankafuna chinali chimodzi, chakuti zimene anaona zituluke, makolo a ana aja amve.

"Ndinena zonse, Bambo," anayankha Wailesi ndi manja, ndipo pa nthawiyo ankanena zoona.

2. Pabalaza pa malume

Akupukuta nsapato panja, malume ake anamukodola ali pazenera la nyumba yaikulu. Pabalaza pamenepo Wailesi ankalowapo pokakolopa pokha. Tsiku limeneli anamulozera sofa.

"Khala pamwamba, mwana wa mlongo wanga. Lero ndiwe munthu wamkulu, ndipo ndikufuna tilankhule ngati akuluakulu."

Wailesi anakhala m'mphepete mwenimweni mwa sofayo, manja ali pamaondo.

"Ana atatu aja," anayamba malume, "ine ndawalira kuposa mmene ukuganizira. Ndine kholo nanenso. Koma poti ndiwe wa sukulu, undiyankhe. Ukakaima paja n'kukhuthula zonse, alipo mwana ndi mmodzi yemwe amene adzuke? Madzi akatayika saoleka. Akufa apita, koma amoyo tilipo, ndipo ndife ambiri. Anthu makumi anayi amadya chifukwa cha kampani yangayi, aliyense ali ndi mkazi ndi ana. Ndiye pa maliro atatu tiwonjezerepo njala ya mabanja makumi anayi? Chilungamo chake n'chiti pamenepo?"

Wailesi anayang'ana pansi, pa simenti yonyezimira imene ankaipukuta yekha Loweruka lililonse.

"M'mabuku mwanumo amalemba kuti wolakwa alangidwe," anapitiriza malume. "Amene analemba zimenezo anali atakhuta. Dziko lenileni limayenda chonchi. Ntchito ya boma siibwera yokha, pamakhala woibweretsa. Ndiye woibweretsayo akati, 'Mnzanga, ndibwerekeko timatumba tingapo ndimalizire mpanda wanga,' iwe ungakane? Ndikanakana, ntchitoyo akanapatsa wina, ndipo winayo akanathira mawilibala khumi ndi asanu. Ine ndinayesetsa. Ukatchula a khansala lero, usaganize kuti agwa. Ali ndi maloya, ali ndi anzawo kumtunda. Wogwa ndine. Ndipo ine ndikagwa, kanyumba kakuseri kaja kagwa nane, sukulu yako igwa nane. Bambo ako pa msinkhu wawo, osamva, ndani angawalembe ntchito? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, mwanawe."

"Ndiye mukuti ndikaname, Malume?"

"Kunama ayi. Ndani wanena zonama? Ungofupikitsa. Manja a bambo ako amalongolola kwambiri, iwenso ukudziwa. Za mawilibala, za lole, za mng'alu, uzisiye panja. Ife tikanena kuti inali mvula ija inagwa masiku asanu osalekeza. Mvula saitsekera m'ndende. Palibe amene amangidwe, nkhani ithera pomwepo. Ndikulumbira pali mayi ako amene anagona."

Kutchula mayi ake kunamubaya mtima Wailesi. Anafunsa motsitsa mawu, "Nanga bambo akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Amva?"

Malume anaseka pang'ono, koma kusekako kunawathera pakhosi ataona nkhope ya mtsikanayo. Anatembenuka n'kuyamba kufunafuna makiyi a galimoto, chonsecho anali m'dzanja lawo.

Tisawanamizire malumewa, sanali chilombo. Maliro a mlongo wawo anayendetsa ndi iwo. Wailesi atadwala malungo aakulu ali wamng'ono, anathamanga naye kuchipatala ndi iwo, atavala patapata mwendo umodzi. N'chifukwa chake mawu awo analemera. Munthu woipa akamakunyengerera umathawa, koma wokukomera mtima umakhala pansi n'kumvetsera mpaka amalize.

3. Pakhonde la holo

Njira yopita ku holo ya khonsolo, kumene komiti inkakumana, inkadutsa pa sukulu ija. Njerwa zinali zikadali mulu, atazizunguliza ndi chingwe. Ana ankaphunzira pabwalo, mphunzitsi atatsamiritsa bolodi pa mtengo. A Fosholo anavula chipewa podutsa, ndipo sanachivalenso mpaka kukafika.

Pakhonde la holoyo pankakhala mkulu wina wolembera anthu makalata, ali ndi katebulo kopendekeka, zolembera zitatu ndi magalasi omanga ndi ulusi. Anthu ankawatchula a Khoti, chifukwa anagwira ntchito yomasulira m'makhoti zaka makumi atatu. A Khotiwo ankamudziwa Wailesi kuyambira ali wamng'ono, ndipo sankamulola kudutsa osamuseka.

A Fosholo analowa m'kati kukagwira malo. Wailesi anatsalira, akunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

"Wailesi yazima lero?" anafunsa a Khoti osadzutsa mutu. "Kapena mabatire atha?"

"Agogo, ndifunseko. Womasulira akasiyako mawu ena, osawonjezera kanthu, kungosiyako basi, limenelo ndi bodza?"

A Khoti anavula magalasi n'kumuyang'ana bwinobwino.

"Funso limenelo, mdzukulu wanga, safunsa munthu amene sanasankhe kale mawu oti asiye. Khala pabenchipo ndikutsine khutu. Ine m'zaka makumi atatu ndaona mbava, ndaona zigawenga, koma munthu amene ndinkamuopa kwambiri m'khoti ndi ine ndemwe. Woweruza sankamva chinenero cha woimbidwa mlandu, woimbidwa mlandu sankamva cha woweruza. Pakati pawo panali lilime langa lokha, lopanda mlonda. Munthu ukamubera mbuzi, akhoza kugula ina. Koma wosauka alibe loya, alibe mnzake kumtunda. Ali ndi tsiku limodzi lokha limene akuluakulu amakhala pansi kuti amumve. Ukamubera tsiku limenelo, wamubera chinthu chosapezeka pamsika uliwonse."

"Nanga ngati zoonazo zipweteka anthu ambiri kuposa bodza?"

"Amenewo ndi masamu a munthu amene wagwidwa. Amawerenga bwino anthu amene avutike iye akalangidwa, koma ana amene adzakhale pansi pa khoma lotsatira sawawerenga, poti sanawaone nkhope. Anthufe timakonda kunena kuti boma ndi loipa, atsogoleri ndi akuba. Koma mtsogoleri ali ndi manja awiri okha ngati iwe ndi ine. Kuti abe zambiri amabwereka manja athu. Wina amasaina, wina amayendetsa galimoto, wina amangoyang'ana kumbali. Aliyense amati, 'Ine changa n'chaching'ono, ndili ndi ana oti ndidyetse.' Khoma siligwetsedwa ndi munthu mmodzi, mdzukulu wanga. Timaligwetsa tonse, aliyense kanjerwa kake."

Anaima pang'ono kutsokomola, kenako anatsitsa mawu.

"Sindikunamiza kuti choonadi chimalipira bwino. Ndaona onena zoona akugona panja, onama akumanga nyumba zosanja. Ukanena zoona lero mwina ulira, ndipo palibe amene abwere kudzakuombera m'manja. Koma dziwa ziwiri. Choyamba, akulumbiritsa, ndipo kunama utalumbira ndi mlandu wako iweyo. Chachiwiri, mlandu suola, ndiponso suuluka kupita kumwamba. Ukauchotsa pamutu pa mwini wake, umayendayenda m'chipindamo kufuna mutu wina."

M'kati mlembi wa komiti anaitana mboni yachinayi, a Fosholo, ndi womasulira wawo. Wailesi anathokoza n'kuimirira. Mawu a a Khoti anawamva ndithu, koma pakhomo pa holo anakumana maso ndi malume, ndipo malumewo anamugwedezera mutu pang'ono ngati anthu amene anapangana kale.

4. Lumbiro

M'holomo munali modzaza ndi motentha. Kutsogolo kunali tebulo lalitali, pakati pake patakhala mayi wapampando, wa imvi zochepa ndi mawu osakwera. Kumanja kwake kunali mlembi. Benchi yoyamba anaisiyira makolo a ana atatu aja. Mmodzi wa iwo, kondakitala wa basi, anabwera ndi yunifolomu ya kuntchito, ndipo ankangopindapinda chipewa chake. A khansala anakhala chakumbali pa mpando wa khushoni umene anachita kuwanyamulira, akudzikupiza ndi nyuzipepala.

Wailesi analumbira kuti amasulira zonse mokhulupirika, osachotsa, osawonjezera. Mawu ake anamveka bwino mpaka kumbuyo. Pa kulankhula pokha mwanayu anali ndi mphatso.

Mafunso oyamba anali osavuta, za ntchito yawo ndi amene anawalemba. Kenako mayi wapampando anati, "Afunse atiuze mmene ankasakanizira matope a khoma lija."

Wailesi anafunsa molondola. A Fosholo anaimirira, ngakhale panalibe wowauza kutero, n'kuyamba monga anachitira m'mawa. Zala zinayi. Kusisita mimba. Zala khumi. Kenako analoza mlamu wawo ndi chala, poyera, holo yonse ikuona.

Apa m'pamene Wailesi anazindikira kuti zofupikitsa zija zinali zosatheka. Anthu anali ataona zala, ataona mimba, ataona chala choloza, ndipo ankadikira tanthauzo la chilichonse. Panatsala njira ziwiri zokha, kunena zoona kapena kumanga bodza lathunthu, la denga ndi zitseko zomwe.

Anayang'ana malume. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa. Anali asanawaonepo akuopa chinthu, ndipo anawamvera chisoni. Anaganiza za kanyumba kakuseri, ndi bambo ake akuyenda khomo ndi khomo kufuna ntchito. Anachita mantha, ndipo manthawo ndi amene anamutsegula pakamwa.

"Akuti posakaniza amakhala anthu anayi," anatero. "Akuti agwira ntchito kwa mlamu wawoyo zaka khumi, ndipo sanagonepo ndi njala."

Mlembi analemba. A Fosholo anagwedeza dzanja la khansala, naonetsa lole.

"Akuti a khansala ankabwera kawirikawiri kudzaona ntchito, ndipo lole inkabweretsa zipangizo pa nthawi yake."

A khansala anavomera ndi mutu mokhutira. A Fosholo anajambula mng'alu m'malere, kuchokera pamwamba kutsika pansi.

"Akuti mvula inagwa yambiri, ya ziphaliwali."

Bodza lachiwiri limapepuka kuposa loyamba, lachitatu limangotuluka lokha. Pomaliza bamboyo anaika dzanja katatu pa msinkhu wa m'chiuno, n'kudzimenya pachifuwa, misozi ikutsikira pa malaya oyera aja.

"Akuti akulira ana atatu aja," anatero Wailesi. Pa zonse zimene anayankha za khomalo, zoona zinali zokhazo.

Mayi wapampando anamuyang'ana nthawi yaitali. "Funso lomaliza, ndipo uwafunse momveka. Kodi alipo munthu amene anawalamula kuti achepetse simenti?"

Funso limeneli yankho lake silinkafuna womasulira, pakuti kuvomera ndi mutu aliyense amakudziwa. Wailesi anatembenukira kwa bambo ake, anakweza manja, n'kuwafunsa kuti, "Mwatopa? Mukufuna kupuma?"

A Fosholo anapukusa mutu mwamphamvu, kawiri konse, kuti aliyense aone kuti iwo si munthu wotopa msanga.

"Mboni yakana," anatero mayi wapampando. Cholembera cha mlembi chinamveka chikukanda pepala.

5. Kachidutswa ka khoma

Atapuma pang'ono, inafika nthawi ya malume. Anafotokoza za mvula mwaluso, masiku asanu osalekeza, madzi olowa pansi pa maziko. Anatchulanso milatho ina imene inakokoloka chaka chomwecho. Wailesi anayamba kupuma bwino, poganiza kuti mwina zithadi monga analonjezera.

Mayi wapampando anawasiya amalize. Kenako anatsegula envulopu, natulutsa kachidutswa kotuwa kooneka ngati mwala.

"Aka tinakatola pa khoma lija," anatero. Anakafinya pakati pa zala ziwiri, ndipo kanayoyokera pa tebulo ngati shuga. "Injiniya wa boma wayeza. Akuti simenti imene ili m'khomamo siikwana ndi theka lomwe la imene boma linagula. Mvula siidya simenti, bambo. Yotsalayo inapita kuti?"

Malume anayang'ana kwa a khansala. A khansala anali atapeza nkhani yosangalatsa kwambiri m'nyuzipepala, ndipo sanadzutse maso. Thukuta linatsika m'khosi mwa malume n'kunyowetsa kolala.

"Ine, mayi," anayamba, mawu atasasa, "matumba onse ndinkapereka m'manja mwa wosakaniza. Kiyi wa mosungira zipangizo ankasunga ndi iyeyo. Ndi mlamu wanga, ndinkamukhulupirira. Mwaona nokha, wakana yekha kuti palibe anamulamula kuchepetsa. Ndiye ngati simenti inachepa…"

Anatambasula manja osamaliza. Kumene kunali Wailesi sanayang'aneko.

Mitu yonse inatembenukira kwa a Fosholo. Kondakitala uja anaimirira, anzake n'kumukhazika pansi pomugwira mapewa. Mayi wina pa benchi yoyamba anayamba kulira mosatulutsa mawu, maso ali pa bamboyo.

A Fosholo anaona maso onsewo, ndipo anaganiza kuti anthu akuwalemekeza chifukwa cholimba mtima. Anaweramitsa mutu mwaulemu kwa makolowo, dzanja lili pachifuwa. Kenako anagunda mwana wawo ndi chigongono, anasisita mimba, n'kufunsa ngati mlamu wavomera.

"Dikirani," anayankha Wailesi ndi manja.

Anafuna kuimirira. Anafunadi, tisamunamizire nayenso. Koma akanati chiyani? Kuti posachedwapa ananama atalumbira, pamaso pa makolo a ana akufa? Nanga ndani akanakhulupirira womasulira amene wasintha nkhani atangoona kuti bambo ake ali m'madzi? Chuma chokha chimene banja lawo linali nacho chinali chakuti Wailesi akanena, anthu ankakhulupirira kuti a Fosholo anena. Chumacho anali atachimwaza yekha. Anakhalabe pansi, ndipo mayi wapampando anatseka zokambirana za tsikulo.

6. Kalata

Panja dzuwa linali litapendeka. Galimoto ya malume inali itapita kale. A Khoti ankalembera mayi wina kalata, ndipo Wailesi anadutsa chapatali, nkhope ili kumbali.

A Fosholo ankayenda ngati mnyamata. Pa kagolosale ka kutsidya kwa msewu anagula botolo limodzi la chakumwa chozizira ndi mabanzi awiri, n'kukhazika mwana wawo pabenchi ngati mlendo wolemekezeka. Banzi lawo analidya lonse mpaka kutola nyenyeswa, kudya kumene Wailesi anali asanakuone kwa miyezi iwiri.

Kenako manja anayamba kulankhula. Anati mwala umene unali pachifuwa wachoka. Anati akudziwa kuti mlamu awathamangitsa m'kanyumba kaja, anadziwa kalekale, koma palibe kanthu, chipinda china chipezeka, munthu wa fosholo sasowa ganyu. Za sukulu asadandaule, njinga yawo agulitsa. Chimene ankaopa sikunali kusowa pogona. Ankaopa kufa ali ndi nkhani ya ana atatu aja m'mimba. Anati anthu ambiri ali ndi makutu ndi pakamwa koma alibe wowanenera, pamene iwo Mulungu anawamana ziwirizo n'kuwapatsa mwana. Atatero anamugwira pamutu.

Zonse zimene Wailesi ananamira pofuna kuziteteza, bambo ake anali atazitaya kale ndi mtima woyera, ndipo iye sanawafunse n'komwe. Anamwa chakumwacho kuti asalire. Anadzida kuposa mmene anadera munthu aliyense chibadwire.

Ali pomwepo, mlembi wa komiti anawoloka msewu, wapolisi ali pambuyo pake. Wapolisiyo anaima chapatali. Mlembi anapereka envulopu kwa a Fosholo osawayang'ana m'maso, ndipo awiriwo anabwerera.

A Fosholo anapukuta manja pa buluku kuti asadetse pepala la boma. Analitsegula mosamala, anasirira chidindo chimene chinali m'munsi mwake, n'kulipereka kwa mwana wawo monga ankachitira ndi pepala lililonse.

Kalatayo inali yaifupi. Inati bamboyo akaonekere kupolisi mawa eyiti koloko m'mawa, kukayankha za kusowa kwa simenti ya boma ndi imfa ya ana atatu. Mzere womaliza unati abwere ndi womasulira wawo.

Wailesi anawerenga kawiri. Atadzutsa maso anapeza bambo ake akumwetulira, nsidze zili m'mwamba, zikhatho atazitambasula.

"Akuti chiyani? Akutithokoza?"

Polankhula ndi bambo ake pankafunika manja onse awiri. Wailesi anaika botolo pansi, anaika kalata pamwendo, n'kukweza manjawo. Bambo ake ankawayang'ana modekha, akudikira.